Flagyl, Cipro ndi Manyazi Anga ku Kaunda Square

Mumsewu mwathu ku Kaunda Square Stage 1 anthu ankanditcha ba Dokota, ndipo dzinalo ndinkalivomera ndi mtima wonse ngakhale kuti ntchito yanga ndi yolemba katundu wolowa ndi wotuluka m'sitolo ya zomangira nyumba ku town. Udokotala wanga unachokera pa zinthu ziwiri basi. Ndinakhoza bwino Biology pa mayeso a Grade 12, ndipo ndili mnyamata ndinathandizako kwakanthawi pakauntala ya chemist ina, kumene ndinaloweza mayina a mapilitsi ndi mitundu ya mapaketi ake koma osadziwa zimene mapilitsiwo amakachita akafika m'thupi. Mwana wa aneba akatsegula m'mimba, amayi ake ankagogoda pageti pathu asanaganize n'komwe za ku kiliniki, ine n'kutchula Flagyl kapena Septrin molimba mtima, n'kuwalembera pakapepala kamwedwe kake. Ndinkakhulupirira kuti m'mimba mwa munthu waukhondo simuyenera kupezeka kachilombo ngakhale kamodzi, ndiponso kuti m'mimba mukavuta ndiye kuti mwalowa mdani woti aphedwe msanga. Nzeru imeneyi ndinadzaigwiritsa ntchito pathupi langa lomwe.

Zinayamba chakumapeto kwa 2023, kolera itabuka mu Lusaka. Amene anali mumzinda muno akukumbukira mmene zinalili: zidebe za madzi a chlorine pakhomo pa masitolo, bwalo la mpira la Heroes litasanduka chipatala cha odwala kolera, sukulu zosatsegulidwa mpaka Febuluwale 2024. Nyengo yotere munthu sunena pagulu kuti m'mimba mwakusokonekera. Ine ndinayamba kudzuka usiku kuthamangira kuchimbudzi, ndikafika n'kumangotuluka tochepa tosakanikirana ndi magazi ndi zonanda, ndikabwerera pabedi n'kumamvabe kuti sindinamalize. Ndinkadziwa kuti kolera imatulutsa madzi okhaokha otuwa, opanda magazi, choncho ndinati ayi, uyu ndi kamwazi. Pa zoti si kolera ndinalondola, ndipo kulondola kumeneko n'kumene kunandipweteketsa, chifukwa kunanditsimikizira kuti zotsalazo ndingathenso kuzidziwa ndekha. Akazi anga sindinawauze. Ndinagula Flagyl, paketi ndinabisa m'thumba la jekete la kutchalitchi, ndinkakamwera kubafa.

Magazi anachepa, usiku ndinayamba kugona, ndipo ndinadzitamanda mumtima. Sindinadziwe kuti matenda amene ndinali nawo ndi mmene amachitira, amakula n'kuzilala, amakulanso n'kuzilalanso, kaya wamwa kanthu kaya ayi. Atabwereranso ndinagula paketi ina, ndipo ndili mkati momwa imeneyo kunali phwando la ukwati wa mphwanga ku Chelstone, kumene ndinalandira botolo la mowa ngakhale kuti ineyo ndinachenjezapo anthu ambirimbiri kuti Flagyl ndi mowa siziyendera limodzi, ndinadziuza kuti botolo limodzi silingachite kanthu kwa munthu wodziwa mankhwala, ndipo nkhope inatentha, mtima unagunda mpaka m'makutu, ndinaimirira kuti ndituluke koma ndinasanzira pafupi ndi mipando ya akuluakulu a kuchikazi, amalume anga akuona, akulu ampingo akuona, mkwatibwi akuona. Onse anangoti ndaledzera. Ndinalola kuti aziganiza choncho, chifukwa kwa ine kutchedwa chidakwa kunali kopepuka kusiyana ndi kuvomera kuti ndikutuluka magazi kumbuyo.

Ndiye ndinati Flagyl wachepa mphamvu, ndinawonjezera Cipro. M'mimba mukapotokola ndinkamwa Brufen, ikakanika diclofenac, osadziwa kuti mankhwala opha ululu a mtundu umenewu amatha kukolezera zilonda za m'matumbo.

Tsiku la minibasi ndi limene sindifuna kulikumbukira, koma ndikalisiya nkhaniyi ikhala yabodza. Unali m'mawa, tinali titadutsa Munali ndi UNZA bwinobwino, kenako jam inatigwira pakati pa Arcades ndi Manda Hill, ine ndili mpando wakumbuyo kwenikweni pakona, mayi wina atandisanjikiza chikwama pamwendo, m'mimba munayamba kuluma kuchokera kumanzere, thukuta linatsika m'khosi, ndinafinya mano, ndinawerenga magalimoto, ndinapemphera, ndinati ndipirira mpaka Northmead, kenako ndinadziwa kuti sindipirira. Ndinakuwa kuti, "Ba conductor, niseluka apa!" Mnyamatayo anati, "Ba mdala, apa si pa station," ndipo sanalakwe, panalidi pakati pa msewu. Pamene ankatsegula chitseko, anthu a mipando itatu akutsika kuti andipatse njira, zinali zitachitika kale. Ndinavula jekete n'kulimanga m'chiuno, ndinayenda m'mbali mwa Great East Road osatembenuka, ndikumva kuti minibasi yonse ikundiyang'ana pamawindo, ine bambo wa ana, wa tayi pakhosi, fayilo ya kuntchito kukhwapa. Kuntchito ndinaimba foni kuti kwagwa maliro. Thalauza ndinachapa ndekha usiku anthu atagona, n'kuyanika kuseri kwa nyumba.

Munthu wanzeru akanapita kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinakagula mapilitsi otseka m'mimba, aja a loperamide, n'kumamwa m'mawa uliwonse ndisanakwere basi, pamene pepala la m'paketi mwake limanena poyera kuti osamwa ngati m'chimbudzi muli magazi. Mimba inafufuma, inalimba, thupi linatentha. Nditasiya, zonse zimene ndinatsekera zinabwera pamodzi.

Apa ndinasintha maganizo, ndinati mwina ndi ma ulcers. Ndinawerenga pafoni za Barry Marshall, dokotala wa ku Australia amene mu 1984 anamwa dala mabakiteriya otchedwa Helicobacter pylori pofuna kutsimikizira anzake kuti ndi amene amayambitsa kutupa ndi zilonda za m'chifu, ndipo mu 2005 iye ndi Robin Warren analandira mphoto ya Nobel. Ndinawerenganso kuti akuluakulu ambiri mu Lusaka ali nawo mabakiteriya amenewa. Ndinasangalala ngati ndagwira mbala. Ndinagula ka kit ka mankhwala atatu, awiri mwa iwo maantibayotiki enanso, ndinamwa mpaka kumaliza. Sindinaime kaye n'kuganiza kuti magazi ochokera m'chifu kawirikawiri amatuluka atada bii chifukwa ayenda ulendo wautali, pamene anga anali ofiira, atsopano, ochokera pafupi. Chithunzi cha matumbo ndinachijambula ndekha pa mayeso a Grade 12, ndinkadziwa kuti chifu chili kumtunda ndipo thumbo lalikulu lili kumapeto, koma ndinkafuna matenda oti ndikawatchula pagulu anthu angogwedeza mutu momvetsa. Ma ulcers aliyense amawanena popanda manyazi.

Akazi anga anayamba kufunsa chifukwa chake malaya akundikulira. Pofuna kuwatseka pakamwa ndinapita ku kiliniki ina. Anesi anandimvetsera bwino, anandipatsa kabotolo kapulasitiki kokhala ndi kasupuni pachivindikiro, anati, "Bambo, mubweretse chimbudzi chochepa mawa m'mawa, tione kaye chimene chilimo." M'mawa mwake ndinachitadi zimenezo, ndinakakulunga m'nyuzipepala, n'kuikanso m'pulasitiki, n'kuika m'thumba la jekete, ndinaima pamzere wa ku lab, mzere unkayenda bwino ndithu, koma nditatsala pang'ono kufika pawindo ndinaona kuti wolandira mabotolo ndi mtsikana wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene amayi ake ndinkawalembera mankhwala pakapepala, ndipo anandimwetulira mwaulemu n'kunena kuti, "Mwauka bwanji, ba Dokota?" Ndinayankha kuti ndabwera kudzaona mnzanga wodwala. Ndinatuluka pamzere. Kabotolo ndinayenda nako mpaka kunyumba n'kukataya m'chimbudzi cha panja. Mtsikanayo tsiku lililonse amalandira mabotolo otere, ndiyo ntchito imene anaphunzira, sakanaona chachilendo. Vuto linali mwa ine, amene ndinasankha kupitiriza kutaya magazi kusiyana ndi kupereka kabotolo m'manja mwa mwana wondidziwa.

Pambuyo pake panabwera tiyi wa detox amene ndinamuona pa gulu lina la WhatsApp. Ndinati mwina matumbo angoda, akufunika kutsuka. Sindinawerenge kuti mkati mwake muli senna, tsamba lotsegula m'mimba, ndipo Lamlungu limenelo ndinasiya zilengezo za mpingo pakati, pepala lili m'manja, n'kutuluka chothamanga pakhomo la kwaya. Anthu anayamba kunong'ona, ena za HIV, ena za kulodzedwa kuntchito. Apongozi anatumiza mizu kuchokera ku Katete, nayonso ndinamwa.

Usiku wina ndili maso ndi ululu ndinakumana pa intaneti ndi nkhani imene inagwetsa zonse zimene ndinkakhulupirira. Mu 2016 asayansi a ku Weizmann Institute ku Israel anawerengera kuti m'thupi la munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, olemera ngati magalamu 200 onse pamodzi, ndipo ochuluka kwambiri amakhala m'thumbo lalikulu. Si alendo ayi, ndi eni malo. Amadya zimene ife sitingathe kugaya, monga gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi mitsitsi ya m'masamba, n'kupanga timafuta tina, makamaka totchedwa butyrate, timene ndi chakudya chachikulu cha khungu la mkati mwa thumbolo. Amathandiza kuti chinyezi chonanda chimene chimakuta khunguli chikhale chokhuthala, amapanikiza tizilombo toipa kuti tisapeze malo, ndipo amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mdani ndi mnansi. Ndinakhala pamphepete pa bedi foni ili m'manja, n'kumawerenga m'mutu mapaketi onse amene ndinameza.

Koma ngakhale apa sindinadzichepetse. Ndinangosintha mbali, kulimba mtima kuli komwe kuja. Ndinati ngati ndinapha abwino, ndiwabwezeretsa ndekha, ndipo ndinayamba kumwa mabisi m'mawa, munkoyo masana, chibwantu madzulo, yogati pakati pake, ndinaletsa breakfast meal m'nyumba kuti tizidya mgaiwa wokhawokha, ndinadya nyemba, kabichi wosaphika, chibwabwa, kalembula, zonse tsiku limodzi, ana akundiyang'ana. Zakudya zimenezi n'zabwino, ndipo akatswiri a ku University of Zambia pamodzi ndi a ku Wageningen ku Netherlands akhala akufufuza mabakiteriya opezeka m'mabisi ndi m'munkoyo kwa zaka ndithu. Koma thumbo langa linali ndi zilonda zosapola, ndipo kuthira zonsezo nthawi imodzi kunangobweretsa mpweya, kupotokola ndi maulendo ochuluka a usiku.

Chimene ndinachita kenako ndi chimene chimandivuta kwambiri kulemba. Ndinawerenga kuti mu 2013 madokotala a ku Amsterdam anasonyeza kuti odwala amene matumbo awo alowereredwa ndi Clostridium difficile, kachilombo kamene kamakonda kuchuluka maantibayotiki akapha mabakiteriya ena, amachira akawaika m'matumbo chimbudzi cha munthu wathanzi. Mbali yonena kuti zimachitikira m'chipatala, woperekayo atayezedwa matenda osiyanasiyana, ndinaidumpha. Ndinadzutsa akazi anga pakati pa usiku. Ndinayamba ndi mawu akuti, "Amake mwana, pali njira ina imene azungu anapeza," ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, mpaka ndinatchula za sefa ya kukhitchini ndi chipangizo chopopera, ndipo ndikulankhula choncho ndinkaona nkhope yawo ikusintha, sanakwiye, sanaseke, anachita mantha, mantha enieni a munthu amene akuona kuti mwamuna wake mutu wayamba kusokonekera. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Bambo, mawa tikupita kuchipatala. Mukakana ndiimbira amalume anu." Ndinawauza kuti andipatse sabata imodzi yokha.

Sabatayo sinathe. Ndinagwa pamsika wa Stage 1 ndikugula tomato, maso anangoda, ndinadzidzimuka ndili pansi azimayi a pamsika akundikupiza ndi zitenje, wina akukuwa kuti ba Dokota bagwa.

Kuchipatala chachikulu anapeza kuti magazi anali atachepa kwambiri. Dokotala anali mayi wachitsikana, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Anafunsa kuti, "Bambo, mwamwapo mankhwala anji chiyambireni?" Ine ndinati Panado pang'ono ndi Flagyl kamodzi. Akazi anga anawerama, anatulutsa m'chikwama pulasitiki yakuda, anamasula mfundo, n'kukhuthulira pa tebulo. Anali mapaketi opanda kanthu, ena opindika, ena onyowa, amene ankawatola m'matumba a majekete anga, pansi pa matiresi ndi mu bini ya kubafa nthawi yonse imene ine ndinkaganiza kuti ndikubisa bwino. Dokotala sanakalipe. Anayamba kuwasanja ndi chala m'milu, maantibayotiki apa, opha ululu apa, otseka m'mimba apa, timapaketi ta tiyi uja apa, n'kumalemba dzina lililonse m'fayilo, ndipo mulu wa maantibayotiki unafika mpaka m'mphepete mwa tebulo, paketi ina n'kugwera pansi pafupi ndi nsapato yanga. Sindinathe kuwerama kuti ndiitole. Ndinangoyang'ana khoma.

Kabotolo kena ndinakapereka tsopano, ndipo palibe amene anadabwa nako. Anayeza HIV, anafufuza amoeba, nyongolotsi ndi likodzo la m'matumbo, anafufuzanso TB. Dokotala anafotokoza kuti kuno kwathu sathamangira kutchula matenda ngati anga, chifukwa amoeba ndi TB ya m'matumbo zimaoneka mofanana nawo kwambiri, ndipo mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi ukampatsa munthu wa amoeba kapena TB ukhoza kumupha. Apa m'pamene ndinaona kutalika kwa mtunda pakati pa kuloweza mayina a mapilitsi ndi kudziwa udokotala. Kenako colonoscopy: usiku wonse kumwa madzi a mankhwala otsuka matumbo, m'mawa kuvala kagauni kotsegula kumbuyo, kugona cham'mbali mawondo atapindidwa, kachingwe ka kamera n'kulowa kumene ndinakhala ndikubisa nthawi yonseyi. Ndinaona nawo pa screen. Kuyambira pakhomo penipeni kukwera kumanzere khungu linali lofiira, lotupa, lokhala ndi tizilonda, kamera ikangokhudza pang'ono magazi n'kuyamba kuchucha. Kenako panafika malire, ndipo kupitirira pamenepo khungu linali losalala, lotuwirako, timitsempha tikuoneka bwinobwino. Anatapako tizidutswa kukayeza. Zotsatira zitabwera anati ndi ulcerative colitis.

Matendawa, pamodzi ndi anzake otchedwa Crohn's disease amene Burrill Crohn ndi anzake anawafotokoza ku New York mu 1932, amabwera pamene chitetezo cha m'thupi chayamba kulimbana ndi mabakiteriya okhala m'matumbo mwa mwini wake, nkhondoyo n'kumapsereza khungu la thumbo. Sikuti pali kachilombo kamodzi koti ukapha wachira. Zimakumana zingapo: chibadwa cha munthu, chitetezo chake, zimene amadya, ndi mtundu wa mabakiteriya amene ali nawo. Mwa odwala otere mitundu ya mabakiteriya imakhala yochepa, ndipo amene amasowa kwambiri ndi aja opanga butyrate. Mu 2008 ofufuza a ku Paris anasonyeza kuti amodzi mwa iwo, Faecalibacterium prausnitzii, amachepa mwa odwala Crohn's ndipo ali ndi mphamvu yoziziritsa kutupa. Zimazungulira: kutupa kumathamangitsa mabakiteriya abwino, kusowa kwawo n'kukolezera kutupa. Kale ankati awa ndi matenda a ku Ulaya ndi ku America, ndipo Denis Burkitt, dokotala amene anagwira ntchito ku Uganda, analemba kuti matenda ambiri a thumbo lalikulu ankasowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa odya zakudya zosakonola. Lero akupezeka mochulukirapo m'mizinda ya ku Asia, South America ndi Africa, kumene kadyedwe ndi kakhalidwe zasintha.

Ndinafunsa dokotala ngati ndinadziyambitsira ndekha. Anati, "Bambo, magazi munayamba kuwaona musanamwe pilitsi loyamba, ndiye sindinganene choncho. Koma zimene munamwazi sizikanachiritsa, zina zinawonjezera moto, ndipo nthawi imene inatayika ndi yambiri." Ofufuza a ku Sweden ndi ku Denmark, poona zolembedwa za anthu ambirimbiri, anapeza kuti amene amwa maantibayotiki kawirikawiri amapezeka ndi matendawa mochulukirapo kusiyana ndi anzawo, ndipo ine ndinali wa Flagyl ndi Septrin kuyambira unyamata wanga, m'mimba mukangolira pang'ono. Kwathu ku Katete tili ana tinkatentha tchire lonse pofuna mbewa zochepa, moto n'kupsereza udzu wofolerera, timitengo ndi zisa za mbalame, ndipo pomera ankayamba ndi zisoso. Ndi zimene ndinkachita m'mimba mwanga.

Ndili m'chipatala muja ndinamva koyamba za ntchito imene yakhala ikuchitika mumzinda wathu womwe uno ine osadziwa. Ku University of Zambia School of Medicine kuli gulu lotchedwa TROPGAN, limene Professor Paul Kelly ndi anzake akhala akufufuza matumbo a anthu a ku Misisi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti akuluakulu ambiri kumeneko, ngakhale ooneka athanzi, ali ndi kutupa kosatha m'matumbo aang'ono, ndipo timinofu toimirira timene timayamwa chakudya tinafupika. Amati environmental enteropathy. Ndi matenda ena, osiyana ndi anga, ndipo gwero lake ndi kumeza tizilombo ta m'chimbudzi tsiku ndi tsiku kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'dothi. Mu 2021 Dr Beatrice Amadi ndi gululi anafalitsa mu Nature Microbiology zimene anapeza mwa ana opinimbira a ku Lusaka amene sankakula ngakhale apatsidwe chakudya chowonjezera: ankanyamula tizilombo toyambitsa matenda ta mitundu ingapo nthawi imodzi, ndipo matumbo awo, podziteteza, anachepetsa malo oyamwira chakudya. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 mu Zambia anali opinimbira. Ku Malawi nako, Jeffrey Gordon, Mark Manary ndi anzawo anatsatira mapasa okwana mapeya 317, ndipo mu 2013 analemba mu Science kuti atatenga mabakiteriya a mwana wotupikana ndi kwashiorkor n'kuwaika mu mbewa zoleredwa zopanda mabakiteriya alionse, mbewazo zinaonda zitadyetsedwa chakudya chonga cha kumudzi, pamene zolandira mabakiteriya a mnzake wathanzi sizinaonde motero.

Nkhani ya ana imeneyi inandilasa kuposa matenda anga. Mwana wathu wotsiriza, kuyambira ali wakhanda, akangotsegula m'mimba ndinkamumwetsa Septrin wamadzi, amayi ake akati tipite ku kiliniki ine n'kumati palibe chifukwa chokaima pamzere pamene mankhwala ndikuwadziwa. Malangizo a World Health Organization ndi osavuta: mwana wotsegula m'mimba apatsidwe ORS ndi zinc kwa masiku 10 mpaka 14, apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo maantibayotiki ndi a pamene muli magazi, kolera kapena matenda ena amene achipatala aona. Kutsegula m'mimba kwambiri kwa ana kumayamba ndi mavairasi, amene Septrin sawakhudza n'komwe. Zaka zoyambirira ndi zimene mabakiteriya a m'matumbo mwa mwana amakhazikika, ndipo ine ndinkawasokoneza ndi supuni m'manja, ndikudziona ngati bambo wosamala. Ndi ana a aneba ndinachitanso chimodzimodzi. Nditatuluka m'chipatala ndinayenda khomo ndi khomo mumsewu mwathu kukanena kuti timapepala tija ang'ambe, ndipo mayi wina wachikulire anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Nanga zaka zonsezi munkatiuza chiyani?" Ndinalibe yankho.

Pamenepo ndinapitiriranso malire, ndinayamba kulalikira kuti maantibayotiki onse ndi poizoni, mpaka kuuza mnzanga wodwala chibayo kuti aganize kawiri. Mwamwayi sanandimvere. Nditakamba zimenezi pa appointment yotsatira, dokotala anaika cholembera pansi n'kundiuza kuti ku Malawi komweko, chaka chomwecho cha 2013, kafukufuku wina anasonyeza kuti ana onyentchera kwambiri amene analandira amoxicillin pamodzi ndi chiponde anachira ochuluka ndipo anamwalira ochepa kusiyana ndi amene analandira chiponde chokha. Anati mankhwalawa amapulumutsa miyoyo tsiku lililonse m'chipatala chomwecho, chofunika n'chakuti woyeza ayeze kaye.

Ine anandipatsa prednisolone woziziritsa moto msanga, amene anandifufumitsa masaya n'kundisowetsa tulo, ndi mesalazine womwa tsiku lililonse, wodula moti bajeti ya m'nyumba tinaikonzanso. Anandipatsanso mankhwala owonjezera magazi. Brufen ndi diclofenac anandiletsa. Pa zakudya anati thumbo likakhala pamoto ndizidya zofewa, likazizira ndizibwezera masamba, nyemba ndi mgaiwa pang'onopang'ono, mabisi ndi munkoyo ndizimwa ngati chakudya, osati ngati mankhwala. Magazi anasiya, thupi linabwerera, ndinayambanso kukhala mpando wakumbuyo m'minibasi popanda kuwerenga magalimoto.

Ndiye nditaona kuti ndili bwino, mabokosi a mesalazine akudya ndalama ya sukulu ya ana, ndinadziuza kuti thumbo lapola, kuti munthu womvetsa za butyrate ngati ine angathe kudzisamala ndi chakudya chokha, ndinayamba kudumphitsa masiku, kenako ndinasiyiratu osauza aliyense, ndipo mvula isanathe ndinali nditayambanso kudzuka usiku, magazi atabwerera, akazi anga ataima pakhomo la bafa bokosi losatsegula lili m'manja. Tinabwerera kwa dokotala yemwe uja, ndinafotokoza ndekha zimene ndinachita asanandifunse. Anandibwezera pa prednisolone, masaya anafufumanso. Anandikumbutsa zimene anandiuza tsiku loyamba, kuti ulcerative colitis imagona koma sichoka, ndipo mankhwala a tsiku ndi tsiku ndi amene amaigoneka. Tsopano bokosi limakhala pa tebulo lodyera, akazi anga amaona ndikumeza. Dokotala anati matendawa akakwanitsa zaka 8 ndidzafunika colonoscopy ina, kenako kumabwerezabwereza, chifukwa thumbo limene lakhala lotupa nthawi yaitali limafunika kuliyang'anira za khansa, ndipo chaka chake analemba pachikuto cha fayilo yanga.